Kugula ndi Kukhala Mwini: Funso Lochokera ku Moruleng

Mudzi wa Moruleng uli kumpoto kwa mzinda wa Rustenburg, m'tsinde mwa mapiri a Pilanesberg, m'chigawo cha North West ku South Africa. Dzinali m'Chitswana litanthauza malo a mitengo ya mfula, ndipo kumeneku ndiye kulikulu la anthu a mtundu wa Bakgatla-ba-Kgafela okhala m'dzikolo. Alendo ambiri amangodutsapo pothamangira kukaona nyama m'nkhalango ya Pilanesberg, koma chuma chimene chidatchukitsa dera lonseli chili pansi pa nthaka. South Africa amatulutsa pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a pulatinamu yense wokumbidwa padziko lapansi, ndipo wochuluka mwa iye amachokera m'migodi ya m'chigawo chimenechi. Pulatinamu wambiri amakathera m'mapaipi otulutsira utsi wa galimoto, komabe wina pang'ono amakalowa m'kompyuta. Timbale tozungulira ta mu hard disk, timene timasunga zolembedwa, timamatidwa ndi chitsulo chopyapyala kwambiri chosakaniza cobalt ndi pulatinamu. Motero kompyuta yakale ya patebulo la mphunzitsi wa ku Moruleng ikhoza kukhala itanyamula kadontho ka nthaka ya kwawo komweko, katazungulira mafakitale a ku Asia n'kubwerera.

Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 10, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ya mtundu umene amisiri amautcha operating system. Makompyuta sadazime tsiku limenelo. Chidatha ndi zigamba zaulere zotsekera mipata imene akuba a pa intaneti amalowera, kupatula chaka chimodzi choonjezera kwa olipira madola 30 kapena ovomera kumangirira kompyuta yawo ku akaunti ya kampaniyo. Yolowa m'malo mwake, Windows 11, idatuluka mu 2021 ili ndi malamulo akeake: imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo imakana makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018. Makina amene dzulo lake adali kulemba mayeso a ana asukulu ndi kuwerengera ndalama za m'sitolo adapezeka kuti akalamba, pamene palibe chimene chidathyoka m'kati mwake. Adakalamba chifukwa wina, ali kutali, adanena kuti akalamba.

Apa ndiye pagona funso la nkhani ino. Kodi chinthu chimene munthu wagula ndi thukuta lake, koma tsiku la imfa yake likulengezedwa ndi wina, nchake ndithu?

M'Chichewa mawu akuti mwini ali ndi mphamvu yoposa ya lisiti. Mwini khasu ndi amene mpini ukathyoka amasema wina osapempha chilolezo kwa wosula. Mwini njinga akhoza kuiwotcherera kaliyala wamkulu, kuiika mpando wa kabaza, kuibwereketsa kwa mlamu wake kapena kuiphwasula yonse pofuna kudziwa chimene chikulira m'habu. Akaiononga, waononga yake. Koma wogula kompyuta amagula zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale wogulitsa samuuza. Chitsulo ndi pulasitiki nzake zenizeni. Pulogalamu yoyendetsa zitsulozo, malinga ndi pangano lalitali limene aliyense amalivomera osaliwerenga, sigulitsidwa. Iye amangopatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo kalembedwe kake ka m'kati nkobisika. Akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma iwo ankanena za nkhwangwa imene wobwerekayo akudziwa kuti ndi yobwereka.

Anthu a dera la Moruleng safuna wowaphunzitsa kusiyana kwa kulipira ndi kukhala mwini. Mabanja 13 a m'mudzi wa Lesetlheng amati makolo awo adasonkha chuma n'kugula famu ya Wilgespruit mu 1919. Malamulo a nthawiyo sadalole kuti malowo alembedwe m'maina awo, choncho adalembedwa m'dzina la boma ngati msungi wa mtundu wonse wa Bakgatla. Kwa zaka zambiri kusiyanaku kudali kwa papepala chabe, pakuti ankalima ndi kuweta monga eni. Kudadzaoneka pamene pansi pa famuyo padapezeka pulatinamu, makampani okhala ndi chilolezo chokumba n'kufuna kuwasamutsa. Mlandu udafika ku Constitutional Court, ndipo mu October 2018, pa mlandu wodziwika ndi dzina la Maledu, khotilo lidagamula kuti chilolezo chokumba pachokha sichipatsa kampani mphamvu yothamangitsa anthu okhala ndi ufulu pa malo. Kungakhale kupanda ulemu kuyerekeza kulandidwa malo ndi kutha kwa pulogalamu ya kompyuta, chifukwa m'malo muli manda a makolo ndi chakudya cha ana. Chofanana ndi kapangidwe ka msampha wake kokha: umwini wolembedwa m'dzina la wina suvuta masiku onse, umadzavuta tsiku limene zofuna za msungi zasiyana ndi za wosungiridwa.

Alipo anthu amene amakana kuvomera zimenezi mwa njira yooneka ngati yachibwana. Mmisiri wotere amapezeka paliponse, ku Rustenburg, ku Limbe, ngakhale ku Chipata. Amatenga kompyuta imene ena aitaya mtima, n'kufufuta zonse, n'kuikamo Linux kuchokera pa kafulashi. Usiku wonse amalimbana ndi kachipangizo ka wifi kamene kakukana kudzuka. Zikatheka sakhutira, mawa lake amasintha maonekedwe a pa sikirini, amayesa Debian, amayesa Linux Mint, amabwerera kumene adachokera. Apabanja pake amaona ngati akutaya nthawi, ndipo nthawi zina sanama. Komabe m'kugwiragwira kumeneku muli kanthu kamene sikayenera kusekedwa. Munthuyu akuchita ndi kompyuta chimene mwini njinga amachita ndi njinga, ndipo potero akuyesa ngati mawu akuti mwini akadali ndi tanthauzo.

Mwambowu udayamba ndi kukwiya kwa pa kanthu kakang'ono. Cha m'ma 1980, Richard Stallman wa ku MIT ku America adafuna kukonza pulogalamu ya makina osindikizira a Xerox amene ankakonda kutsamwa ndi mapepala, koma adamanidwa kalembedwe kake. Mu 1983 adalengeza ntchito ya GNU, yopanga mapulogalamu amene aliyense ali ndi ufulu wowawerenga, kuwasintha ndi kuwagawa. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, adaonjezapo mtima wa makinawo, umene udatchedwa Linux. Ndipo mu October 2004 Mark Shuttleworth, mbadwa ya South Africa, adatulutsa mtundu wa Linux wofewetsedwa kuti munthu wamba authe, nautcha Ubuntu, mawu amene Atswana amati botho ndipo Achewa amati umunthu. Mpaka 2011 kampani yake ya Canonical inkatumiza ma CD a pulogalamuyi mwaulere kudzera pa positi kwa aliyense wopempha, kulikonse padziko. Mu 2007 nduna za boma la South Africa zidavomereza mfundo yoti maofesi a boma azitsogoza mapulogalamu otseguka, ngakhale kuti mfundoyo idayenda bwino papepala kusiyana ndi m'maofesimo.

Zotsutsa zilipo, ndipo sizopepuka. Choyamba nchakuti nkhani ya chitetezo si bodza la amalonda. Mu May 2017 pulogalamu yoononga yotchedwa WannaCry idagwira makompyuta osamatidwa zigamba m'maiko ambiri, mpaka zipatala zina za ku Britain zidabweza odwala. Kampani siingasamalire pulogalamu imodzi mpaka kalekale, ndipo Windows 10 idasamalidwa zaka 10. China nchakuti anthu ambiri safuna kutsegula kompyuta, monga momwe wokwera minibasi safunira kudziwa za injini. Namwino amene akufuna kutumiza lipoti nthawi isanakwane ali ndi ufulu wosasamala za Stallman, ndipo mmisiri amene amamuyang'ana monyoza wagwa m'tchimo la kudzikuza, limene ndi lofala ndithu pakati pa okonda Linux. Ena mwa madandaulo awo pa zamakono ndi kulira kwa munthu amene wazolowera malo a batani lina, batanilo n'kusunthidwa. Kumeneko ndi kukalamba kwa wodandaulayo, sikulakwa kwa dziko.

Ngakhale dzina la umunthu silidateteze Ubuntu ku mayesero a msika. Mu 2012 Canonical idakonza kuti munthu akamafufuza fayilo pa kompyuta yake, mawu ofufuzirawo azitumizidwa kunja kuti aonetsedwenso malonda a ku Amazon. Stallman adadzudzula poyera, ndipo kampaniyo idadzazimitsa zimenezi mu 2016. Koma nkhani yomweyi, imene imaoneka ngati yogwetsa mbali ya amisiri, ndiyo imaonetsa pamene pali kusiyana kwenikweni. Opanga mapulogalamu otseguka si oyera mtima kuposa anzawo. Chimene adachita ndi kusiya chitseko chosakhoma. Okhumudwa adatha kuzimitsa kufufuza kuja, kapena kusamukira ku Linux Mint, ndipo pamene maonekedwe a GNOME adasinthidwa mu 2011, ena adatola akale aja n'kuwapitiriza pa dzina la MATE, amene alipobe. Wolamula akadziwa kuti anthu ake akhoza kunyamuka, amalamula mosamala. Abakgatla amaidziwanso njira imeneyi: mfumu yawo Kgamanyane atakwapulidwa pagulu ndi Paul Kruger mu 1870 pa nkhani ya ntchito yokakamiza, adasamuka ndi anthu ake ambiri n'kukakhazikika ku Mochudi, m'dziko limene lero ndi Botswana.

Nanga namwino uja, amene sadzatsegula kompyuta moyo wake wonse, ufulu wotsegula umupindulira chiyani? Umupindulira monga momwe mayi amene sadziwa kumata chubu amapindulira pokhala ndi njinga imene mnyamata wa pansi pa mtengo wa mango akhoza kuikonza. Ufuluwo sufuna kuti aliyense akhale mmisiri. Ufuna kuti mmisiri akhale wapafupi, wolankhula chinenero cha mwini chinthu, wolipidwa ndalama za m'dziko momwemo. Chitsanzo chili ku Lilongwe. Kuyambira 2001, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health adatenga timakompyuta totchipa totchedwa i-Opener, timene kampani ya ku America idatipangira kuonera intaneti kokha, natisandutsa makina okhudza pa sikirini olembera odwala pa chipatala chachikulu cha mumzindawo. Wopanga sadalotepo zimenezo. Zidatheka chifukwa timakinato tidatseguka, ndipo odwala amene adalembedwa msanga sadafunike kudziwa chimene chidali m'kati.

Ndi muyeso umenewu madandaulo a pa zamakono akhoza kupetedwa, mankhusu n'kuuluka. Kusintha kwa mitundu ndi malo a mabatani ndi mankhusu. Maso a nkhaniyi ndi ena. Kuyambira 2013 Adobe idaleka kutulutsa ambiri mwa mapulogalamu ake atsopano ogula kamodzi, n'kuyamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi, ndipo ambiri adatsata njira yomweyo. Windows 11 ya pakhomo imafuna intaneti ndi akaunti pa tsiku loyamba kuiyatsa. Zolembedwa za munthu zimakokeredwa ku makina a kampani a kutali, ndipo mapulogalamu a nzeru zopanga akuikidwa m'kompyuta mwini asanawapemphe. Zonsezi zidakonzedwa ndi anthu amene kwawo magetsi sathima ndipo intaneti saigula ya tsiku limodzi. Kwa wophunzira wogula bandulo ya ndalama zochepa, kompyuta imene yayamba yokha kukoka zigamba zikuluzikulu yamudyera ndiwo za mawa osamufunsa.

Patsala mbali imene anthu a m'chigawo cha migodi angaimve msanga kuposa ena onse. Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 lidati mu 2022 dziko lapansi lidataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo 4 ndizo zidalembedwa kuti zidatoleredwa ndi kukonzedwanso moyenera. M'tani yathunthu ya miyala ya mumgodi mumatuluka magalamu ochepa chabe a pulatinamu. Amene amaswa miyalayo ndi anthu, ndipo mtengo wa ntchito yawo udaonekera ku Marikana, kum'mawa kwa Rustenburg, pa 16 August 2012, pamene apolisi adapha ogwira ntchito mumgodi 34 amene ankanyanyala pofuna malipiro. Amalawi nawo amadziwa mtengo wa zitsulo za ku Joni kuyambira masiku a Wenela, kufikira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974 imene idapha anthu awo oposa 70 akubwerera kumudzi. Kutaya makina amoyo chifukwa cha chilengezo ndi kunena kuti thukuta limene lidalowamo lidali lotchipa, ndipo kukumba kuyambirenso kwina.

Izi sizisandutsa mmisiri wa kafulashi kukhala mpulumutsi. Iye amatalikitsa moyo wa kompyuta ndi zaka zingapo, basi, ndipo nthawi zina ntchito yake imatha mwatheka. Mphunzitsi akabwera kudzatenga makina ake, amapeza kuti akuyaka msanga kusiyana ndi kale, mafayilo ake onse alipo, koma fomu ina ya ku ofesi ya maphunziro ikuoneka yopindika mu LibreOffice, ndipo makina ake akale osindikizira akukana kumvera. Mmisiri amamuuza kuti akhoza kumubwezera Windows 10 yopanda zigamba, kapena apirire mlungu umodzi pamene iye akufunafuna njira ya makina osindikizirawo, kapena asunge ndalama agule kompyuta yatsopano. Mphunzitsiyo amaima kanthawi, dzanja lili pa chivindikiro cha kompyuta, akuwerengera masiku otsala kuti mayeso ayambe.