KODI KULETSA KOKHA KUKWANIRA?

Dzuwa likalowa, ife akuru tikhumba mphasa, koma anyamata ndi asungwana athu tulo sitiwadzera msanga. Iwo amva nyimbo zocokera ku nyumba zomwera mowa za kumsika, ndipo mitima yao ikokedwa. Lamulo la dziko lathu liletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosafika zaka 18, ndipo ife a Mpingo tilibvomereza ndi mtima wonse. Koma tikamletsa mwana kupita uko, kodi tamuuza kumene ayenera kupita?

Tiyambe tafunsa cimene mnyamata acifuna kumeneko. Poyamba si mowa ai, pakuti kacasu awawa m'kamwa mwa wosazolowera. Iye afuna anzace, afuna kuseka ndi kuyimba. Cikhumbo cimeneci si cimo, popeza Mlengi sanalenga munthu kuti akhale yekha. Makolo athu anacidziwa ici. Mwezi ukawala, acinyamata anasonkhana pabwalo kubvina ndi kuphera ndagi, ndipo ngakhale m'magule ena munali zosayenera Akristu, pabwalopo panali maso a akuru. Ife tinacotsa zambiri za izo, koma tinaika ciani m'malo mwace?

Tamvani za anthu ena amene anabvutika ndi funso lomweli. Iceland ndico cisumbu cozizira ca kumpoto kwa Ulaya. M'caka ca 1998, mwa ana 100 ali onse a zaka 15 ndi 16, okwana 42 anaulula kuti analedzera m'mwezi wapitawo. Eni dziko sanakhuta ndi kudzudzula kokha. Anasunga lamulo lakuti ana a zaka 13 kufikira 16 asapezeke panja itapitirira 10 koloko usiku m'nyengo yozizira, ndipo makolo anayendera misewu m'magulu madzulo. Koma anacitanso cina: anacurukitsa masewero a mpira, kuyimba ndi kubvina kolongosoka, mzinda wa Reykjavik unathandiza mabanja ndi ndalama zolipirira ana m'zimenezi, ndipo makolo anapangana kukhala nthawi yambiri ndi ana ao. Pofika 2016, oledzera aja anatsala 5 okha mwa 100.

Kapena wina adzati, "Kodi kusonkhana kwa madzulo sindiko kubala mimba za pathengo ndi ndeu?" Mantha awa ngoona, sitiwapeputsa. Koma tizindikire kuti acinyamata adzasonkhana ndithu, tifune tisafune. Cotsalira ife ndico kusankha ngati adzasonkhana poyera, pamene tiwaona, kapena mumdima kuseri kwa bala, pamene awaona wogulitsa mowa yekha, amene phindu lace licokera m'kugwa kwao.

Ife tiribe cuma ca Iceland, koma sitiri amanja lende. Tiri nayo nyumba ya sukulu imene ikhala yotseka usiku wonse. Tiri nayo nyali ya mphamvu ya dzuwa, bawo, ng'oma ndi aphunzitsi a kwaya. Cisowa ndico akuru awiri kapena atatu, amuna ndi akazi, olola kutaya tulo tao Loweruka madzulo, kukhala pamodzi ndi ana, ndi kuwaperekeza kwao nthawi itakwana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Cifukwa cace, abale, mwana akagwa tisafulumire kumtengera ku bwalo la Mpingo tisanadzifunse tokha. Wotseka khomo loipa wacita bwino. Koma akapanda kutsegula lina, wacita theka la nchito, ndipo pa theka lotsalalo tidzafunsidwa ndife.