Ana a mu Ng'ombe, Sayansi ya Pulasitiki Ikukudikirani

Anyamata ndi atsikana a mu Ng'ombe, yunivesite yoyamba ya dziko lino ili pafupi nanu, moti munthu amafikako wapansi thukuta lisanatuluke. UNZA inayamba mu 1966, ndipo yaphunzitsa madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi a Zambia yense. Koma ambiri a inu mumangoiona pawindo la minibasi pa Great East Road, ngati kuti ndi ya ana a ku Roma ndi ku Kalundu okha. Ndi yanunso, ndipo muli ndi chifukwa chachikulu chokagogodera kumeneko. Chifukwa chake chili m'ngalande yapakhomo panu.

Mvula ikayamba, tonse timadziwa zimene zimachitika. Mabotolo a maheu, timapepala ta pamela ndi matumba a kumsika zimatseka ngalande. Madzi akasowa njira amasefukira, amakumana ndi zimbudzi, kenako amalowa m'zitsime. Kolera inavutitsa Lusaka mu 2017 ndi 2018, inabweranso kumapeto kwa 2023 mpaka Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Amene amagona pafupi ndi vutoli ndinu. Bwanji amene akulidziwa bwino asakhalenso inu?

Pulasitiki ili ndi sayansi yake, ndipo akatswiri amaitcha sayansi ya mapolima. Polima ndi tizinthu ting'onoting'ono tofanana tolumikizana mu mzere wautali, ngati mikanda yotungidwa pa ulusi umodzi. Mizere imeneyi ikapiringizana imapanga chinthu cholimba, chopepuka, chosawola msanga. Thonje la alimi a ku Katete ndi polima. Chimene chimalimbitsa nsima ufa ukapsa ndi polima. Mu 1920 katswiri wa ku Germany, Hermann Staudinger, atanena kuti mizere yaitali chonchi ilipodi, anzake ambiri anamutsutsa. Sanagonje, ndipo mu 1953 analandira mphoto ya Nobel. Lero mapaipi a madzi, majekeseni a kukiliniki ndi maneti oteteza udzudzu zaima pa mfundo imene ankaikana ija.

Mukhoza kuyamba lero, pakhomo, ndi beseni la madzi. Tengani botolo la chakumwa, mulitembenuze. Pansi pake, kapena pa pepala lake, mupeza kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala 1. Imeneyo ndi PET. Dulani kachidutswa, mukakankhire pansi pa madzi: kamira. Ponyanimo chitsekerero cha botolo lomwelo: chiyandama, chifukwa ndi mtundu wina, nambala 2 kapena 5. Botolo limodzi, mapulasitiki awiri, ndipo mafakitale amawalekanitsa ndi madzi monga mwachitiramu. Nambala 3 ndi PVC, imene ikapsa imatulutsa utsi woononga mapapo. Nambala 4 ndi ya matumba ofewa. Wotola zinyalala amene amadziwa manambala amenewa amagulitsa katundu wosankha bwino, pomwe wosakaniza amalandira zimene wogula wafuna kumupatsa. Ndipo mukadziwa zimenezi simudzalolanso mng'ono wanu kuwerama pa mbaula akukoleza malasha ndi pepala la pulasitiki.

Musanene kuti za nzeru sizichokera m'komboni. Ku Chikumbuso, muno mu Ng'ombe momwemuno, amayi amasiye akhala akuluka zikwama ndi mapepala a pulasitiki kuyambira pamene ntchitoyi inayamba mu 2005. Amadula pepala m'timizere, amalumikiza, amaluka ndi koloshe, ndipo chikwamacho chimagulidwa mpaka kunja kwa dziko, ana nkumaphunzira. Zala za amayi amenewa zimadziwa pepala lotamuka ndi pepala loduka msanga. Chimene katswiri amayeza ndi makina, iwo anachiphunzira ndi manja. Tangoganizani mwana wa mayi wotere atakhala ndi zonse ziwiri, luso la amake ndi labotale!

Ku Nairobi, mtsikana wina dzina lake Nzambi Matee anatopa ndi kuona pulasitiki m'misewu. Anayesa kuisakaniza ndi mchenga, kutenthetsa ndi kupsinja, mpaka anapeza muyeso wopanga njerwa zoyala pansi. Kampani yake ndi Gjenge Makers, ndipo mu 2020 bungwe la United Nations loona za chilengedwe linamupatsa ulemu. Koma dziwani ichi: iye anali ataphunzira sayansi. Kusungunula pulasitiki mu diramu kuseri kwa nyumba, osadziwa mtundu wake kapena kutentha koyenera, ndi kudzipha pang'onopang'ono. Safunsa anadya phula. Changu chanu chikufunika sukulu.

Njira yake ilipo. Makalabu a sayansi a JETS akhala m'masukulu a Zambia kwa zaka zoposa 50, ndipo mwana amene wapanga chinthu amatha kukachionetsa kuchokera pasukulu mpaka pa mpikisano wa dziko lonse. Ku UNZA kuli dipatimenti ya Chemistry, kuli sukulu ya uinjiniya, kulinso TDAU, gawo lopanga ndi kuyesa makina othandiza anthu wamba. Ku yunivesite ya Stellenbosch, ku South Africa, sayansi ya mapolima ili ndi akatswiri akeake. Kuno lamulo la 2018 linaletsa matumba opyapyala osafika ma micron 30. Adzayeza ndani? Adzapanga ndani thumba labwino lolowa m'malo mwake, mwina lochokera ku chinangwa chathu? Mipando imeneyi ikusowa anthu.

Nanunso aphunzitsi ndi ophunzira a payunivesite, Ng'ombe ili pakhomo panu. Bwerani Loweruka limodzi ndi sikelo, beseni ndi mabotolo. Khalani pansi ndi otola mapulasitiki, mumve mtengo umene amalandira ndi chifuwa chimene amadwala. Itanani ana a sekondale adzaone labotale ndi maso awo. Kafukufuku amene sawoloka msewu amathera pa shelefu.

Tsono inu achinyamata, musadikire mlendo wa galimoto yoyera. Sabata ino pezani anzanu anayi, musankhe mabotolo a mumsewu wanu potsata manambala, mulembe m'kope kulemera kwake ndi mtengo wake. Pitani kwa aphunzitsi a sayansi muwafunse za JETS, ndipo ngati kalabu inafa, muidzutse ndinu. Masamu ndi Chemistry muzigwire zolimba, chifukwa ndi zimene zimatsegula geti la yunivesite. Makolo, mwana akadula botolo nkuliponya m'beseni musamukalipire, mufunseni chimene wapeza. Zambia ikufuna akatswiri ake a pulasitiki, ndipo palibe lamulo loletsa kuti achokere mu Ng'ombe. Nyamukani, mukafunse!