Masaya a mwana, mbale ya mayi ake

Mwezi wa June ku Kasina mphepo siseka ndi munthu. Imatsika m'mapiri a Dedza ili youma, yozizira, n'kumang'amba milomo ndi zidendene za akuluakulu amene. Nanga kuli bwanji khungu la khanda la miyezi inayi? Nditapita kumudzi m'nyengo imeneyi, ndinapeza mwana wa mlongo wanga masaya atauma gwa, atada kuposa nkhope yonse, m'mbali mwake mukusupuka timamba totuwa ngati phulusa. Akamubereka, ankakhuta tsaya pachitenje kumsana kwa mayi ake, uku ndi uku, mpaka pansalupo pankanyowa. Usiku kunalibe wogona m'nyumbamo.

Komabe chimene chinandiimitsa mutu si masayawo ayi, koma mbale ya mayi ake. Nsima, pambali nkhwani wowiritsa ndi mchere basi. Ndinafunsa za nsinjiro. "Andiletsa, achimwene." Mazira, pomwe nkhuku zikuikira kuseri kwa nkhokwe? Amayi athu anali atanena kuti ndiwo akuwotcha mwana. Mlamba ndi nyama ya nkhumba anachotsa ndi azakhali a kuchimuna, amene amawenga zimenezi iwo eni. Tiyi wamkaka anamuletsa mnzake wa ku Lilongwe, atawerenga pa Facebook kuti mayi woyamwitsa mwana wa chikanga asiye mkaka, tchizi ndi buledi. Za tchizizo ndinaseka, pakuti mlongo wanga sanagulepo tchizi chibadwire. Aliyense wobwera kudzazonda ankachoka atanyamula ndiwo imodzi m'mbalemo, ndipo palibe amene anabwezerapo kanthu. Masabata asanu anatha chotero. Masaya a mwana anali chimodzimodzi, amene ankatha anali mayi.

N'chifukwa chiyani khungu la mwana likavuta, tonse maso timathamangitsira kumbale ya mayi? Kuganiza kwake n'komveka. Mwana sadya china koma bere, ndiye chomudwalitsa chalowa ndi bere. Ndipo kwathu kuno mayi ndiye amayamba kufunsidwa mwana akadwala: wadya chiyani, wamusempha kodi, kapena waima kale mkaka wawonongeka? Foni yangobwera kudzawonjezera mlandu pa milandu yakale. Ine ndikuti pa nkhani ya chikanga, chimene achipatala amachitcha eczema, kawirikawiri timaweruza munthu wosalakwa, ndipo chilango chake chimagwera mwana yemweyo amene tikufuna kumuteteza.

Chikanga ndi matenda a khungu, ndipo amayambira pakhungu pomwepo. Khungu labwino lili ngati khoma la njerwa lomangidwa bwino: njerwa ndi timaselo, matope apakati ndi mafuta amene thupi limapanga lokha. Mwana wa chikanga amabadwa matopewo ali ochepa. Madzi a m'thupi amatuluka mosavuta, khungu n'kuuma. Fumbi, utsi, sopo ndi tizilombo zimalowa m'ming'alumo, thupi n'kuyamba kulimbana nazo, ndiye kuyabwako. Akakanda, khoma limagumuka kwambiri, kuyabwa n'kuwonjezeka. Mu 2006 akatswiri a ku Dundee, ku Scotland, anapeza kuti azungu ambiri odwala matendawa ali ndi vuto lobadwa nalo pa puloteni ya pakhungu yotchedwa filaggrin. Mwa anthu akuda vuto la mtundu umenewo silipezeka kawirikawiri, koma khoma lodontha ndi lomwelo, ndipo matendawa amayenda m'banja limodzi ndi mphumu ndi chimfine chosatha. Nthawi zambiri amaonekera mwana ali pakati pa miyezi iwiri ndi isanu ndi umodzi, m'masaya, m'mutu, ndi kunja kwa mikono ndi miyendo. Malo a thewera amawasiya, poti kumeneko sikuuma. Mabuku ambiri amati pamafiira, koma analembedwa poyang'ana ana a khungu loyera. Pa mwana wathu pamada, pamatuwa, kapena pamatuluka tinsungu ting'onoting'ono tokhakhala.

Tsono taonani mmene timasamalira khanda m'nyengo yozizira. Ndinakhala pakhonde m'mawa wina n'kuonerera. Madzi afunda mpaka nthunzi kufuka, poopa kuti mwana angazizidwe. Sopo ndi wamtanda yemwe uja wochapira matewera. Agogo atenga chinkhupule n'kupukuta masayawo mwamphamvu kuti "zonyansazo zichoke". Akatero amupukuta ndi thaulo lokhakhala, amuthira paudala, amuveka juzi ndi chipewa chaubweya, amukulunga m'bulangete, n'kukakhala naye m'khitchini pafupi ndi moto, utsi uli tolo. Chilichonse apa n'chochitidwa mwa chikondi, ndipo chilichonse chikukokolola mafuta ochepa aja. Palibe anafunsapo za sopo. Onse ankafunsa za mazira.

Koma galu wamkota sakandira pachabe, ndipo sindikufuna kunama kuti akuluakulu akulota. Ziwengo za chakudya zilipo ndithu, ndipo mwana wa chikanga chachikulu ndiye amene zimamupeza kwambiri. Ku chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town, madokotala otsogoleredwa ndi Claudia Gray anayeza ana 100 a chikanga, ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2014, zinaonetsa kuti 40 mwa iwo ankawenga chakudya china, makamaka mazira ndi mtedza. Amenewo anali ana odwala kwambiri ofika pachipatala chachikulu, osati mwana aliyense wa tsaya louma. Kafukufuku wina wa ku South Africa komweko, wa mu 2019, anapeza ziwengo za chakudya mwa ana 2.5 pa 100 alionse mumzinda wa Cape Town, koma 0.5 okha kumidzi ya ku Eastern Cape. N'zoonanso kuti tizidutswa ta zimene mayi wadya timafika mumkaka wake, koma timakhala tochepa zedi. Mwa ana oyamwa mwakathithi, owenga mkaka wa ng'ombe kudzera m'bere safika ngakhale mmodzi pa 100.

Chimene chinandidabwitsa nditawerenga n'chakuti njira yake imayenda mobwerera. Ife timati chakudya chabala chikanga. Akatswiri ambiri lero akuti khungu long'ambika ndilo limatsegulira ziwengo khomo. Fumbi la mtedza kapena dzira likalowa kudzera pakhungu lotupa, thupi limaliona ngati mdani. Likalowa kudzera pakamwa, thupi limaphunzira kuti ichi n'chakudya. Gideon Lack ndi George Du Toit a ku London anaona kuti ana a Chiyuda a ku Britain ankawenga mtedza kuwirikiza pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi ana a ku Israel, kumene makanda amadya msanga tokhwasula ta mtedza totchedwa Bamba. Anatenga makanda 640 a chikanga chachikulu kapena owenga mazira, theka n'kumawadyetsa mtedza, theka n'kuwaletsa. Mu 2015 anaulutsa zimene anapeza: pofika zaka zisanu, mwa oletsedwa aja pafupifupi 17 pa 100 ankawenga mtedza, koma mwa odya aja atatu okha pa 100. Maiko amene kwa zaka zambiri ankalangiza makolo kuti azichedwetsa mtedza anasintha malangizo awo. Ndiye kuti phala la nsinjiro limene agogo athu akhala akupatsa ana kuyambira kale linali m'njira yolondola, ndipo ndife ophunzira, ndi mafoni athu, amene tikufuna kulichotsa pamene eni ake a malangizowo anawataya kale.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandipweteka. Mayi wa ku London akasiya mkaka ndi mazira, amalowa m'sitolo n'kugula zina khumi zolowa m'malo. Mayi wa ku Kasina akasiya nsinjiro, mazira ndi usipa, watsala ndi chiyani pa magulu asanu ndi limodzi aja a zakudya amene amaimbidwa kusikelo? Nsima, kachewere ndi masamba. Chonsecho thupi loyamwitsa limafuna chakudya choposa cha masiku onse. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. M'dziko lotere mtedza si chokometsera ndiwo chabe. Chiponde chimene chimadzutsa ana onyentchera m'zipatala zathu, chimene dokotala Mark Manary anathandiza kuchiyesa ndi kuchifalitsa kuno, maziko ake ndi mtedza. Kuopseza mudzi wonse ndi mtedza chifukwa cha tsaya louma n'kugwetsa nkhokwe pofuna kupha khoswe mmodzi. Ngati pali chifukwa chosamalira mtedza kwathu kuno, ndi chuku chimene chimamera pa mtedza wosauma bwino. Chimenecho ndiye poizoni weniweni, ndipo mtedza wotere ndi wotaya.

Choopsa koposa ndi pamene wina afika ponena kuti "mkaka wanuwu sukumuyanja, musiyitseni". Mkaka wam'chitini wamba umachokera ku mkaka wa ng'ombe womwewo, mtengo wake banja la kumudzi silingaukwanitse, ndipo ukasungunulidwa ndi madzi a pachitsime m'botolo losawiritsa, chotsatira ndi kutsegula m'mimba. Chikanga chimasautsa, koma kutsegula m'mimba kumapha.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti apa ndi ziwengo zenizeni? Zimadzionetsa. Zina zimabwera mwamsanga, pasanathe maola awiri mwana atadya kapena kuyamwa: zidzolo zotupa ngati walumidwa ndi tizilombo thupi lonse, milomo kapena zikope kutupa, kusanza, kubanika, kulefuka. Mwana wobanika kapena wolefuka sadikira kuti kuche. Ndi wothamanga naye. Zina zimabwera pang'onopang'ono: magazi kapena zonanda m'chimbudzi, kutsegula m'mimba kosatha, mzere wa m'buku la sikelo wosakwera, kapena chikanga chimene chakana mankhwala ogwiritsidwa ntchito moyenera. Koma zizindikiro zimenezi kwathu kuno zili ndi eni ake ena ambiri, monga kamwazi, kunyentchera, ngakhale HIV, ndiye woweruza akhale wachipatala, osati gulu la pa WhatsApp. Iye akakayikira chakudya, amachotsa chimodzi chokha, kwa masabata awiri mpaka anayi, kenaka amachibwezera kuti aone ngati vuto libwerere. Kubwezerako ndiye kuyesa kwenikweni. Chikanga chimakwera n'kutsika chokha, ndiye mukachotsa mazira sabata imene chinali kale chotsika, mudzawanamizira moyo wonse.

Palinso mphere, amene anthu ambiri amawasokoneza ndi chikanga. Mwana akamatuluka tinsungu m'manja, kumapazi ndi m'khwapa, ndipo ena m'nyumbamo akukandanso usiku, musavutitse mbale ya mayi. Ameneyo ndi kachilombo, ndipo mankhwala ake amadzola banja lonse.

Ife mwayi tili nawo, poti chipatala cha mishoni cha Kasina, cha masisitere a Medical Missionaries of Mary, chili pafupi, ndipo zikakanika kuli chipatala cha boma ku Dedza ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mlongo wanga anapita ku sikelo ndi mwanayo. Malangizo amene anabwera nawo anali osachititsa chidwi mpaka amayi anakhumudwa. Madzi akhale ofunda pang'ono, kusamba kwa kanthawi kochepa, chinkhupule ayi, sopo wochapira ndi wonunkhira ayi, paudala ayi. Pomupukuta azingogunditsa nsalu yofewa, ndipo khungu lisanaume amudzoze Vaseline wosanunkhira thupi lonse, mosaumira, kangapo pa tsiku. Kansalu ka thonje kazikhala kaye pathupi, juzi pamwamba. Zikhadabo aziwenga. Pamalo otupawo anapatsidwa hydrocortisone wa 1 peresenti woti azidzoza mopyapyala kwa masiku owerengeka. Anamuchenjeza za timachubu ta pamsika timene anthu amayeretsera nkhope, chifukwa tina tili ndi mankhwala amphamvu amene amaoneka ngati achiritsa msanga koma amapyapyaza khungu la khanda. Mafuta a mtedza asamudzoze. Pakatuluka mafinya, nkhanambo zachikasu kapena matuza, abwerere msanga. Za chakudya anangomuuza mawu awiri: "Kadyeni, mayi."

Ndikudziwa kuti si ana onse amachira mophweka chotere. Ena chikanga chimawatsata mpaka kusukulu, ngakhale ambiri chimawachepera akamakula. Ndikudziwanso kuti botolo la mafuta ndi ndalama, ndipo mwana wodzola kangapo pa tsiku amalitha msanga. Pamenepa amalume ndi abambo ndi pamene tiyenera kuonekera. Kuletsa ndiwo n'kwaulere, n'chifukwa chake aliyense amakuthamangira. Kugula mafuta kumafuna kupisa m'thumba. Ine ndemwe ndinafika ndi nzeru za m'mabuku zambirimbiri, koma chimene chinathandiza ndi mabotolo awiri amene ndinagula pa Linthipe ndikubwerera.

Nditapitanso mu August, mwanayo anali atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Masaya anali osalala, kungotsala timawanga toyererako pamene panali zilonda, timene anamwino anati tidzafanana ndi khungu lonse pakapita miyezi. Phala loyamba la nsinjiro anamupatsa m'mawa, kansonga ka supuni kokha, n'kukhala naye maso mpaka masana monga anawauzira. Kenaka anayamba kuwonjezera. Dzira lophika bwino linatsatira sabata inayo. Ndinapeza mlongo wanga akusinja mtedza mumtondo, mwana ali kumsana, akugona, tsaya lili phee pachitenje.

Amayi anali pamkeka akusenda nyemba. Ndinawafunsa ngati tsopano akhulupirira za sopo uja.

"Sopo wake uti?" anatero osadzutsa mutu. "Anali mazira amene aja. Angoti atha mphamvu m'thupi."

Mlongo wanga anandiyang'ana, n'kupitiriza kusinja.