Mphunzitsi wa Pambali pa Bedi la Wodwala

Mphunzitsi wa m'kalasi ali ndi mwayi umene ambiri sauzindikira. Mwana akalakwitsa samu pabolodi timafufuta n'kuyambanso, ndipo palibe wavulala. Ine ndagwira choko zaka zambiri, ndafufuta zolakwa zosawerengeka. Koma pali mphunzitsi wina amene bolodi lake ndi thupi la munthu. Ameneyu ndi namwino wotsogolera ophunzira unamwino m'mawodi a chipatala. Kumeneko cholakwa sichifufutika. Jakisoni akalowa, walowa basi.

Apa ndiye pagona nkhani. Mphunzitsi ameneyu ali ndi mangawa kwa anthu awiri pa nthawi imodzi. Wophunzira ayenera kugwira yekha ntchito kuti manja ake azolowere, pakuti palibe munthu amene anadziwa kupeza mtsempha woikapo diripi pongoonerera. Wodwala naye sanadzere kuti akhale chophunzirirapo. Iye anadzera kuchira. Kodi poteteza mmodzi sitilakwira mnzakeyo?

Funsoli si la lero. Pamene Florence Nightingale anatsegula sukulu ya anamwino pachipatala cha St Thomas ku London m'chaka cha 1860, ophunzira ake ankaphunzira m'mawodi, pamaso pa anamwino aakulu. Njira yomweyo ndi imene yatsatidwa kuno kwathu ku Kamuzu College of Nursing, imene inakhazikitsidwa mu 1979 ndipo mu 2021 inakhala gawo la Kamuzu University of Health Sciences, komanso m'sukulu za mishoni monga za ku Nkhoma ndi ku Ekwendeni.

Alipo anthu amene amati popeza pali moyo wa munthu, mphunzitsi wotere azikhala waukali. Maganizowa ndi omveka, koma ine sindigwirizana nawo. Taganizani za wophunzira amene wapatsa mwana mankhwala asanaone kulemera kwake, chikhalirecho muyeso wa mankhwala ambiri a ana umatsata sikelo. Ngati dzulo anakalipiridwa pamaso pa odwala, lero adzangoti chete, ndipo mwanayo adzavutika popanda wodziwa chifukwa chake. Koma ngati sachita mantha, adzathamanga kukaulula nthawi ikadalipo. Mantha amabisa cholakwa, ndipo m'chipatala cholakwa chobisika ndicho chimapha. Komabe tisatembenuze mfundoyi n'kukhala kulekerera. Mphunzitsi amene amasayinira wophunzira kuti wakhoza pamene sanakhoze, pofuna kukondedwa kapena pothawa mkangano, wagulitsa odwala onse amene wophunzirayo adzawagwire m'tsogolo.

Tsono mphunzitsi waluso amaima pafupi kokwanira kugwira dzanja lisanalakwe, osati kulanda ntchito yonse. Mafunso ake amafunsa asanafike pabedi: mankhwalawa ndi a yani, muyeso wake ndi wotani, alowera kuti? Akafika amapempha mwini thupi kuti, “Mayi, uyu ndi wophunzira. Kodi mumulola akubayeni ine ndili pomwepa?” Mayiwo akakana, nkhani yatha. Chidzudzulo amachisungira kuseri.

Zambiri wophunzira amatola ndi maso. Mu 1847 ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi ambiri ankamwalira atachira chifukwa madokotala ndi ophunzira ankawagwira ndi manja amene agwira mitembo. Atalamula kusamba m'manja ndi madzi a kolorini, imfa zinachepa kwambiri. Lero mfundoyi ili m'buku lililonse la unamwino. Koma wophunzira adzaisunga pokhapokha ataona mphunzitsi wake akusamba m'manja ngakhale tsiku limene mpopi wauma, madzi ali m'ndowa kutali ndi bedi. M'mera mpoyamba. Ndipo m'wodi yodzaza, anamwino ali ochepa, chiyeso china ndicho kusandutsa ophunzira antchito aulere, ongotumidwa uku ndi uku dzuwa n'kulowa osaphunzira kanthu.

Ndikudwazika mbale wanga pachipatala china, ndinaona mtsikana wophunzira akulephera kawiri kupeza mtsempha pamkono wa gogo wina. Manja ake anayamba kunjenjemera. Namwino wamkulu anapepesa kwa gogoyo, kenaka anati motsitsa mawu, “Gwira mkonowu, mwanawe, uone pamene chala changa chikukhudza.” Singano inalowa kamodzi. Atafika pabedi lotsatira anapempha chilolezo kwa wodwalayo, napereka singano yatsopano kwa mtsikana uja.