Mwezi wa Pasaka Pamwamba pa Mbare

Abale a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose! Madzi a tiyi asanawire, tasuzumirani kumadzulo. Mwezi wathunthu uja ukukalowa.

Mwezi womwewu ndiwo unkauza Ayuda tsiku lophera nkhosa ya Pasaka, pa 14 mwezi wawo wa Nisani. Yesu adapachikidwa Lachisanu la nyengo ya Pasaka, Pilato akulamulira Yudeya, pakati pa chaka cha 26 ndi 36. Akatswiri a zakuthambo atawerengera chambuyo, adatsala ndi masiku awiri: 7 Epulo 30 ndi 3 Epulo 33. Ine mtima umakokera kwa lachiwirilo, poti madzulo ake kudachitika kadamsana wa mwezi, monga adalongosolera asayansi Humphreys ndi Waddington mu 1983.

Tiyimbe kaye, makombi asanayambe phokoso.