Kodi Gitala ndi Buku N'zodana?

Tiyerekeze kuti bambo wa ku Edingeni wagulitsa ng'ombe kuti mwana wake akaphunzire ku Yunivesite ya Mzuzu. Kenaka wamva kuti mwanayo akuimba gitala pa mpikisano wa mabandi, wongosangalatsa chabe. Kodi mwanayo walakwa?

Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira m'chaka cha 1274, anaphunzitsa kuti mzimu umatopa monga thupi, ndipo mpumulo wake ndiwo masewera. Uta wokungika usana ndi usiku umathyoka. Angoni a Inkosi M'mbelwa nawonso amavina ingoma, osachita manyazi. Tsono kuimba mosangalala si tchimo ayi.

Komatu chakomachakoma pusi anagwa chagada. Pamene nyumba ya mabuku ya pa yunivesiteyo inapsa mu December 2015, zinaoneka poyera kuti malo achete owerengeramo ndiwo chuma cha onse. Woliza ng'oma pafupi ndi malo otere akuba nthawi ya mnzake, ndipo wakuba nthawi alibe chobwezera.

Inu makolo, musamlande mwana gitala. Mfunseni zitatu zokha: ukuimbira kuti, nthawi yanji, ndipo akusauka nalo phokosolo ndani?