Kodi Chipolopolo Chingakhale ndi Chifundo?

Amalume anga, amene tsopano anatisiya, anali ndi mfuti ya gogodera imene ankaibisa mu udzu wa denga la nkhokwe kwathu kufupi ndi Bangula. Madzulo oti mawa alowa m'thengo ankakhala pa mphasa, koloboyi ali pambali, namwaza patsogolo pawo tizidutswa ta mtovu ndi ta chitsulo. Ankatola kamodzi, nakayeza m'dzanja, nakabweza, natolanso kena. Onga ankauyeza ndi kachibekete, osati kungothira. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Amalume, mukuvutikiranji kusankha? Kodi si tonse timapha?" Iwo anandiyang'ana nati, "Tonse timapha, mphwanga. Koma tina timapha lero, tina timapha mkuja."

Mau amenewa andisautsa zaka zambiri. Munthu amene watsimikiza kale mtima kuchotsa moyo, kodi angalankhule za chifundo posankha chida chochotsera moyowo? Kapena chifundo chotere ndi mafuta chabe odzola chikumbumtima kuti chisaume?

Tiyambe taona chimene chimasankhidwacho. Alenje ochuluka a nyama zazikulu masiku ano sagwiranso gogodera. Ambiri amagwira mfuti zamphamvu zotchedwa magnum, monga .375 imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa m'chaka cha 1912, kapena .458 Winchester ya m'chaka cha 1956. Chipolopolo cha .375 chimalemera magalamu 19 ndipo chimathamanga mamita oposa 750 pa sekondi imodzi. Alenje ena sakhulupirira zogula zopangiratu ayi. Amatola chigoba chimene chimatsala mfuti ikalira, nayezeramo onga ndi manja awo, nasankha okha mutu woti aikepo. Kunena zoona amachita zomwe ankachita amalume pa mphasa paja, kungosiyana kuti iwo ali ndi sikelo.

Mitu imeneyi iri ya mitundu iwiri. Wina ndi wolimba, wosaphwanyika. Ntchito yake ndi kuboola fupa lochindikala, monga chigaza cha njovu kapena cha mvuu, ndi kupitirira molunjika mpaka ku ubongo. Wina ndi wofewa kunsonga. Ukalowa m'thupi umatambasuka ngati bowa, nung'amba mapapo ndi mitsempha, kotero kuti ngoma kapena boo amagwa msanga. Ukasinthanitsa, walakwira nyama. Chofewa chimafera pa fupa la njovu osafika pofunika, ndipo cholimba chimangodutsa mwa ngoma ndi kusiya kachiboo kakang'ono, nyama nipita kukafa patatha masiku. Pa njati alenje ambiri amayamba ndi chofewa, natsatiza zolimba.

Tsono apa ndi pamene nzeru zanga zimayamba kusokonezeka. M'chaka cha 1899 maiko anasonkhana ku The Hague nagwirizana kuti chipolopolo chotambasuka chija chisagwiritsidwe ntchito pa nkhondo, chifukwa bala lake ndi lankhanza zopitirira. Chinkatchedwa dum-dum, potengera malo a Dum Dum kufupi ndi Calcutta kumene Angerezi ankachipanga. Nthumwi za Angerezi zinakana pa msonkhanowo, zikumati pomenyana ndi anthu amene izo zinkawatcha osatsungula, chipolopolo wamba sichikwanira kuimitsa munthu. Anadzavomera panganolo m'chaka cha 1907. Taonani tsono: chinthu chimodzi chomwecho, pa msilikali chikutchedwa nkhanza, pa ngoma chikutchedwa chifundo, ndipo pa makolo athu ena anachiyesa choyenera. Mtovu ndi womwewo. Chasintha nchiyani?

Ndiganiza kuti chasintha ndi cholinga. Pa nkhondo, lamulo limati chofunika ndi kumletsa mdani kumenya. Akavulala nagwa, pakhale mpata woti achire ndi kubwerera kwa ana ake. Bala losapola limamlanda mpata umenewo. Pa uzimba mpata wotere palibe. Njati yovulala iribe chipatala. Imene ikuiyembekeza ndi ntchentche, mphutsi ndi afisi. Kumene kuli chiyembekezo cha kuchira, chifundo ndi kuchepetsa bala. Kumene imfa yatsimikizika, chifundo ndi kuifupikitsa. Ndipo amene ankafuna kusunga dum-dum kuti aombere anthu akuda anaulula okha kumene anatiika pakati pa awiriwa.

Choncho sindingathe kunena kuti kusankha kwa amalume kunali kwachabe. Ndikukumbukira chaka china njati inatulukira ku madimba, ikutsimphina, phewa likutuluka mafinya. Wina anali ataiombera ndi chitsulo chosayenera, nathawa osailondola. Inakumana ndi bambo wina wa m'mudzi mwathu amene ankapita kukapalira, munthu woti sanagwirepo mfuti chibadwire. Anapulumuka, koma khasu sanaligwirenso. Mlenje wosasamala uja anagona tulo kwake, ngongole yake nalipira wina. Ululu umene sunathe pa malo oombera susowa ayi, umayenda ndi miyendo inayi kufunafuna woti umugwere. Nchifukwa chake alenje enieni ali ndi lamulo loti nyama imene waivulaza uilondole mpaka uimalize, ngakhale italowa m'bango momwe sungaone patali. Aphodzo, alenje a mvuu a m'Zambezi ndi m'Shire, ankamangirira chingwe ku mkondo wawo. Iwo ankachita izi kuti nyama isawataike, koma ine ndimaonapo phunziro lina: amene walasa wamangidwa ku chimene walasacho.

Komabe, awerengi anzanga, ndikadalekera pamenepa ndikadakunamizani. Imani pa Bangula muyang'ane dambo lalikulu lija lotchedwa Elephant Marsh. David Livingstone podutsa pamenepo m'chaka cha 1859 anawerenga njovu pafupifupi 800. Boma la atsamunda linatcha dambolo malo otetezedwa m'chaka cha 1897, koma lero mungalizungulire lonse ndi bwato, simupezamo njovu ngakhale imodzi. Latsala ndi dzina basi, ngati mkazi wotchedwa make wa mwana amene anamwalira kalekale. Ku Mwabvi, pafupi pomwepa, kunali zina mwa zipembere zomaliza za dziko lino, nazonso zinatha. Ku Majete njovu zinatheratu pofika 1992, ndipo zimene ziliko lero zinachita kubwera pa magalimoto kuyambira 2006, bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowo mu 2003.

Tsono tiyerekeze kuti njovu iriyonse ya m'dambo lija inaomberedwa ndi katswiri, ndi chipolopolo choyenera, nigwa nthawi yomweyo osamva kuwawa. Kodi dambo likadakhala losiyana ndi m'mene liriri lero? Iai. Munthu angathe kumaliza mtundu wonse wa nyama mwaulemu ndi mwaukhondo. Apa ndiye pali msampha wa luso. Munthu akamayeza onga usiku wonse, nawerenga mabuku, natsutsana ndi anzake za mkuwa ndi mtovu, mtima wake umadzimva kuti wachita mbali yake. Funso laling'ono loti ndiiphe bwanji limadya malo a funso lalikulu loti ndiipherenji. Sizichitika kwa alenje okha. Pali mabwana amene amasankha mau okoma pochotsa munthu ntchito popanda chifukwa, pali olamula amene amasamala kuti chikalata chomangira wosalakwa chisakhale ndi cholakwa cha kalembedwe. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina anganene kuti ngati ndi choncho, mfuti zonse tiziponye m'Shire. Wonena zotere mwina sanagonepo pa msasa wa ku dimba. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mvuu imodzi usiku umodzi imatha kumaliza chimanga chimene banja linkadalira madzi osefukira ataphwa, ndipo ng'ona imene yazolowera pa dooko simasiya yokha. Zikafika pamenepo anthu amakadandaula ku boma, ndipo alonda a nyama amabwera ndi mfuti. Funso lalikulu lija layankhidwa ndi njala ndiponso maliro, ndiye funso laling'ono limabwerera ndi ulemu wake wonse. Mlonda amene watumidwa kukapha mvuu ali ndi udindo wotenga chipolopolo chimene chingaboole chigaza, kuti isathawire m'madzi yovulala ndi kukagubuduza bwato la asodzi m'mawa mwake. Pamenepo kusankha bwino ndi chifundo chenicheni, kwa mvuu ndi kwa asodzi omwe.

Palinso china chimene amalume sakanachidziwa. Chipolopolo cha mtovu chikatambasuka chimasiya tizidutswa tambirimbiri m'nyama ndi m'matumbo otayidwa kuthengo. Miimba ikadya zimenezi imadwala ndi kufa, ndipo mtovu ndi poizoni kwa mwana wa munthu amene wapatsidwa nthuli. Ku California analetsa zipolopolo za mtovu pa uzimba uliwonse kuyambira 2019, ndipo alenje ambiri tsopano akusankha za mkuwa wokhawokha. Choncho chipolopolo sichiima pamene nyama yagwera. Chimapitirira mpaka m'mimba mwa mbalame imene sinali pa mlanduwo.

Ndiye ndiyankhe bwanji funso langa? Chipolopolo chiribe chifundo, monganso chiribe nkhanza; ndi kachitsulo chabe. Chifundo, ngati chiripo, chiri mwa munthu, ndipo chimayesedwa kawiri. Poyamba, pamene akudzifunsa ngati nyamayi iyeneradi kufa. Kachiwiri, pamene akusankha m'mene ifere. Wolephera mayeso oyamba sangadzipulumutse ndi achiwiri, ngakhale sikelo yake ikhale yabwino chotani. Koma wopambana oyamba sanamasulidwe ku achiwiri. Lamulo la dziko lino, chisinthidwire mu 2017, lingathe kutsekera wopha nyama zotetezedwa zaka 30. Lamulo lingaopseze dzanja, koma mafunso awiriwa munthu amadzifunsa yekha.

Amalume anapambana mayeso achiwiri moyo wawo wonse. Za oyamba sanandiuzepo kanthu, ndipo ine ndinali wamng'ono kuti ndiwafunse. Chimene ndikukumbukira ndi chakuti atakalamba, nyama zitayamba kusowa m'thengo monse, anatsitsa gogodera uja m'denga namkulunga m'chiguduli. Tizidutswa ta mtovu tija anatipereka kwa msodzi wina wa ku dambo, kuti amangirire ku ukonde wake.